Khadi la Kuchipatala Limene Unabisa M'denga

...ndiye dzanja ndalowetsa m'udzu wa denga mpaka m'khwapa, ndikufufuza lumo langa kuti ndimete ndevu, anthu asadzanene mawa pokwerera basi kuti mwana uyu atate ake ndi tonde. Lumo osalipeza. Chimene ndinagwira ndi kansalu komanga bwinobwino ndi luzi. Ine mumtima ndinati eya, amayi ako ayamba kundibisira fodya. Kumasula, ndi khadi lako la kuchipatala. Elesi, mpando umene ndinakwerapo uja sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji. Ine amene ndinagonapo pakati pa njovu makumi atatu ku Luangwa osaphethira, lero ndagonja ndi kapepala.

Moni ndinalemba pa pepala loyamba, moni wautali, wokoma ngati wa abusa, koma ndapichirira fodya ndisanazindikire. Ungolandira kuti atate ako akupatsa moni. Ndakhala kuseri kwa nkhokwe, dzuwa lili paliwombo, akazi uko akukusinjira ufa wa paulendo. Ndiwe mayi wapabanja tsopano, mawa ukutsata amuna ako a Filimoni ku Migodi, ndipo ndimayenera kumati inu. Lero lokha undilole ndinene iwe. Zimene ndikulembazi bambo sanena pamaso pa mwana wake wamkazi, koma pensulo ilibe manyazi. Kalatayi ndiyika m'dengu la nsawa pamodzi ndi khadi. Uiwerenge basi isanawoloke Luangwa. Zilembo zikapendama, usaseke, Sitandade 2 yanga inali ya pansi pa mtengo.

Nditalipeza khadi lija ndinapita pamtondo n'kuwaonetsa amayi ako. Iwo anangoyang'ana mphale n'kuti, "Kafunseni akulu anga." Ndinawapeza amayi ako aakulu a Dolika, amene anakulangiza za ukwati, akupeta.

"Alamu," ndinatero ine, "ichi chimatani m'denga?"

"Chimagona," anatero. "Inu ndinu mkamwini pamudzi pano, za alangizi sizikukhudzani. Mwamuna akaona pepala la matenda adzati tam'patsa mphika wong'aluka. Mwanayu anachira, taonani masayawo."

"Masaya ndawaona. Nanga mtima munauona?"

"Inu munauona?"

"Ndinaumva ndi makutu angawa."

"Makutu omwewo amene anamva mkango ukulankhula Chingerezi?"

Akazi onse anaseka, ngakhale amayi ako anabisa pakamwa. Vuto la munthu wokometsa nkhani ndi limeneli, mwana wanga. Tsiku limene unena zoona, anthu amadikira pamene aseke. Koma chimene chandiwawa si a Dolika. Ndi chakuti mfundo ya luzi ija ndaizindikira, ndi yako. Iweyo, amene wabayidwa jekeseni zochuluka kuposa nyenyezi, wamanga khadi ndi manja ako n'kulisiya kuti lidyedwe ndi chiswe. Ndiye khala bwino pampandopo, ndikukumbutse zimene mwina unaiwala chifukwa unali mwana, ndi zimene sunaone chifukwa unali chigonere.

Kupusa kwanga koyamba kunali pakhosi. Unali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, nyengo yozizira, mukugona ana asanu pamphasa imodzi. Unadzuka n'kuti pakhosi pakuwawa, malovu sakumezeka, thupi likutentha. Ndinakupatsa chimanga chokazinga n'kukana, ine n'kuti, "Uyu akuthawa masamu." Ndinakutenthetsera madzi a mchere ndi ndimu, masiku anayi wadzuka, ukusewera fulaye. Ndinayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti azungu akanandidziwa akanatseka zipatala. Sindinadziwe kuti mbala yalowa kale m'nyumba, ine ndikutseka chitseko monyada. Pakhosi, Elesi. Chinthu chimene mwana aliyense amadwala. Mpaka lero ndikaganiza, mutu umaima.

Kupusa kwachiwiri uli nako pathupi, ukhoza kukuwerenga. Patapita masabata atatu, bondo lako lamanzere linatupa, kutentha ngati mbatata yochokera paphulusa, osafuna ngakhale nsalu ikukhudze. Anthu anati waponda mankhwala panjira ya kuchitsime. Ine ndinati iyi ndi nyamakazi, ndipo nyamakazi imandidziwa. Ndinatenga lumo, ndinakutema mphini pabondo, ndinapaka mankhwala amene anandiphunzitsa malume anga ku Mkaika. Masiku awiri bondo laphwa. Ndinavina. Kutacha, kakolo wa mwendo wina watupa. Ndinati yathawira uko, ndinaitsata ndi lumo. Kakolo kuphwa, chigongono kutupa. Chigongono kuphwa, pamfundo ya dzanja. Ndinaithamangitsa nyamakaziyo thupi lonse ngati mbewa m'munda, ndipo paliponse pamene yachoka ndinkati yaopa ine. Mphini zako zikanakhala mizere ya nsawa, tikanakolola ngolo ziwiri. Pambuyo pake kuchipatala anandiuza kuti matendawa ndi mmene amayendera, amasamuka okha mfundo ndi mfundo, kaya wawatema kaya sunawateme. Ndiye kuti ndinkakucheka mwana wanga pachabe, masabata awiri, ndikudzitama.

Amene anathetsa masewerawo ndi amayi ako. Tsiku lina unangoyenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe pano, n'kukhala pansi wefuwefu, kugwira pachifuwa, milomo itauma. Iwo anaima patsogolo panga n'kuti, "Mukapanda kum'kweza panjinga lero, ndim'bereka ndekha mpaka kumishoni, ndipo pobwera ndisadzakupezeni pamudzi pa amayi anga." Mkamwini akamva mawu amenewo, njinga imadzipopa yokha. Ndinakumanga ndi nsalu pakaliyala, ndinadutsa pa Sinda ngati mphepo, msewu waukulu wopita ku Katete ndinaupalasa mpaka malole kumandipempha njira.

Ku chipatala cha mishoni dokotala anakuvula, n'kuyang'ana mphini, n'kufunsa kudzera mwa womasulira kuti wachita izi ndani. Ndinati, "Ndi munthu wina wa kwathu, bwana, mutu wake sukoka bwino." Womasulira anandiyang'ana, anayang'ana lumo limene linkasuzumira m'thumba la malaya. Kenako dokotala anafunsa: "Kodi mwanayu anadwalapo pakhosi masabata apitawa?" Ndinati munthu ameneyu waombeza bwanji popanda ula? Anatchula dzina la matendawo, rumatiki fiva, lilime langa linakana, womasulira n'kuti tingoti nyamakazi ya mtima.

Atamva kuti ndimakonza njinga, dokotala anandiveka timapaipi take ta m'makutu. Poyamba anaika pachifuwa panga. Elesi, mtima wa atate ako ndi ng'oma ya mbalule, gu gu, gu gu, mpaka anamwino anasuzumira pazenera. Kenako anaika pachifuwa pako. Ndinamva gu, fuu, gu, fuu. Phokoso limenelo ndimalidziwa bwino, ndi la mpweya wobwerera pa vavu yakutha. Ndinavula timapaipi tija msanga ngati muli mavu. Womasulira anati mtima ndi pampu, uli ndi mavavu ake otsekula ndi kutseka kuti magazi asabwerere. Tizilombo ta pakhosi tikalowa, thupi limatuma asilikali ake kukamenyana nato. Mwa ana ena asilikaliwo amapenga ndi ukali, ngati agalu amene wawatuma pa nguluwe n'kubwera kudzaluma mbuzi za pakhomo. Amaluma mfundo, mfundo zimachira. Amaluma vavu ya mtima, pamenepo pamatsala chipsera.

"Ndiye tisinthe vavuyo," ndinatero ine. "Ya njinga ndimasintha fodya asanazime."

Womasulira sanaseke. Anati, "Aphiri, iyi ilibe sitolo. Imene ali nayoyi ndi yomweyi mpaka ukalamba. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti agalu aja asabwerenso, chifukwa akabwera amaluma pomwe analuma kale."

Unagona pabedi miyezi iwiri, osaloledwa kutsika ngakhale kupita kuseri. Anakupatsa asipilini, mfundo zonse zimene ndinalimbana nazo ndi lumo zinaphwa masiku awiri, ine manyazi mpaka kumapazi. Koma anandichenjeza kuti asipilini amatonthoza mfundo, sasoka mtima. Anakubaya penisilini wopha tizilombo ta pakhosi. Potuluka anatipatsa khadi limeneli, n'kuti mwezi uliwonse uzibwera kudzabayitsa, kaya ukudwala kaya sukudwala, zaka ndi zaka, mpaka dokotala yekha adzanene kuti basi. Jekeseniyo si yochiza chipsera, ndi mpanda woti tizilombo tisakhalenso pakhosi. Mpanda sugwetsedwa chifukwa chakuti chaka chino nguluwe sizinabwere. Mwezi ukaoneka, ukabayitse. Wamva?

Kupusa kwachitatu ndi kumene kumandiwawa ndikamaona dzanja lako lamanja. Patapita miyezi ingapo uli bwinobwino, manja ako anayamba kuvina okha. Chikho kugwa, mbale kugwa, nkhope kumakwinyika ngati ukunyogodola munthu. Aphunzitsi anakukwapula kuti ukulemba ngati nkhuku yopalasa. Abale a amayi ako, Ansenga anzawo aja, anati ndi mizimu ya mashawe, tiitane ng'oma. Ine ndinati mashawe pakhomo pa Mkhristu ayi, uwu ndi mwano chabe. Tsiku lina tikupempherera chakudya, ndinatsegula diso limodzi n'kuona ukutulutsa lilime, dzanja likugwedeza mbale. Ndinathyola kamtengo ka pichesi n'kukumenya padzanjapo. Unalira n'kuti, "Atate, si ine." Ine n'kuti, "Nanga ndani, dzanja ndi la a Dolika?" Tsiku la jekeseni litafika, sisitala anangokuona mmene ukugwirira khadi n'kuitana dokotala. Ati ndi matenda omwe aja, agalu aja anafikanso kumutu, si misala, si mizimu, si mwano, zidzatha zokha ndi kupuma pamalo a phee. Zinathadi. Koma pobwerera sindinayimbe nyimbo panjinga, ndipo ukudziwa kuti ine kusayimba ndiye kuti zavuta. Ukadzaona mwana wako akugwetsagwetsa zinthu, usathyole kamtengo. Umufunse ngati anadwala pakhosi, upite naye.

Chaka chotsatira ndi chimene mankhwala anatha kuchipatala. Ukukumbukira, nyengo yokumba nsawa, ndinabwera kuchokera ku Katete n'kukuuzani kuti sitima ya pamadzi imene imabweretsa penisilini yamira ndi mabokosi onse, nsomba za m'nyanja zonse zachira pakhosi. Tinakhala miyezi inayi osabayitsa. Iwe unali wonenepa, ukusenza madengu, ukusinja ngati mtsikana aliyense, ndipo unakondwa kuti pamalo pobayidwa paja papumula. Mwezi wachinayi unati pakhosi pakukanda. Masabata atatu, bondo. Ulendo uno sizinathere m'mfundo. Mapazi anatupa ngati maungu, kugona chagada osatheka, tinkakutsamiritsa pa thumba la chimanga kuti upeze mpweya. Amayi ako anali ndi khanda, ndiye ndinakutenga ndekha. Dokotala atamvetsera, anati vavu ija yaonongeka koposa kale. Unagona miyezi itatu. Anati kachitatu sakudziwa ngati mtimawo udzapirire. Miyezi inayi yokha, Elesi, pambuyo pa chaka chonse chobayitsa mokhulupirika. Ndiye ukadzapeza kuti pamene umabayitsa mankhwala palibe, usabwerere kunyumba n'kukhala. Ufunse kwina, ukwere basi, ugogode zitseko zonse za ku Migodi. Mwezi ukaoneka, ukabayitse.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinaona chinthu chimene sindinauzepo munthu. Pabedi loyandikana ndi lako panali mayi wamng'ono, msinkhu wako wa lerowu, ali ndi pakati pakulu. Sankagona, ankangokhala tsonga atakumbatira pilo, kupuma ngati wathamanga kuchokera ku Vubwi. Mwamuna wake ankakhala panja pamodzi ndi ine, tinkagawana fodya. Anandiuza kuti iye sankadziwa kalikonse. Mkaziyo anadwala mfundo ali mwana, makolo anabisa poopa kuti sakwatiwa, ndipo iye ankamutuma kumunda ndi kunkhuni mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri, n'kumamunena ulesi akakhala pansi. Munthuyo ankangobwereza kuti, "Akanandiuza, nkhunizo ndikanasenza ndine." M'mawa wina ndinapeza bedi lija atayala nsalu zatsopano. Sindinafunse. Iwe unandifunsa, ndinati wapita kwawo.

Ndinapita kwa womasulira uja n'kufunsa ngati wanganso sadzabereka. Anati ayi, ambiri amabereka bwinobwino, koma amene adziwika msanga. Ndiye apa pensulo inene zimene pakamwa panga sipanganene. Ukadzangozindikira kuti waima, usadikire kuti a Dolika abwere kudzakuthira madzi ndi kukuuza mwamwambo. Mwambo udzakupeza. Iwe upite kuchipatala mwezi womwewo ndi khadi m'manja, uwauze kuti mtima wanga uli ndi chipsera. Pakati ndi katundu wa anthu awiri pa pampu imodzi. Uziyenda kusikelo monga akuuzira, jekeseni osasiya, mitolo ya nkhuni ndi migolo ya madzi usiyire ena, ndipo kuchira ukachirire kuchipatala, osati m'nyumba ndi azimayi a mukomboni ngakhale akhale odziwa bwanji. Dokotala akadzati pakati pa mwana ndi mwana papite nthawi, umvere dokotala, osati ine amene ndikufuna adzukulu okwana timu ya mpira.

Tsopano zing'onozing'ono, ndisanaiwale. Sabata yoyamba ukafika, usayambe ndi kuzungulira m'masitolo kuona madiresi. Uyambe ndi chipatala cha pamgodi, uonetse khadi, akulembe m'buku mwawo, udziwe tsiku lako. Ndamva kuti kumeneko jekeseni amati nyeleti, dzina lisakusokoneze, kuwawa ndi komweko. Pakhosi pakangowawa, tsiku lomwelo kuchipatala, osati ndimu, osati mchere, osati mankhwala a mayi woyandikana naye nyumba. Dzino likafuna kuzula, uyambe wanena za mtima asanagwire chitsulo, chifukwa anatiuza kuti tizilombo ta m'kamwa timakonda kukamanga pa chipsera. Mchere uchepetse, ndikudziwa kuti dzanja lako pamchere ndi lolemera ngati la amayi ako. Ukaona mapazi akutupa, mpweya ukuchepa pokwera kachitunda, mtima ukuthamanga uli chikhalire, kapena kutsokomola kukubwera ukangogona pansi, usadikire kuti a Filimoni alandire tchuthi. Ndipo wina akadzati matendawa ndi opatsirana, umuuze kuti opatsirana ndi matenda a pakhosi aja, mtima wako sungalumphire munthu.

Masiku ano anyamata akutentha zitupa m'misewu, ena akuyendera makhadi a chipani khomo ndi khomo. Zimenezo ndi zawo ndi boma. Iwe khadi lako ndi limodzi, ndipo limenelo Chitaganya chithe chisathe, mbendera isinthe isasinthe, lisapse, lisanyowe, lisalowenso m'denga la munthu.

Za a Filimoni tsopano. A Dolika akuti mwamuna akadziwa adzakubweza. Ine mwamunayo ndamuyeza. Atabwera kuchokera kwawo ku Vubwi kudzakufunsira, ndinamuuza nkhani ya njovu makumi atatu, anamvetsera yonse mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Nanga yotsiriza inapita kuti, bambo?" Munthu woleza mtima chotero sapezeka kawiri. Komanso amagwira ntchito pansi pa nthaka, kumene pampu ikangoima onse amamira. Munthu wotero akamva za pampu saseka. Um'patse madzi osamba, adye, kenako uike khadi pamphasa n'kunena zonse, za pakhosi, za mfundo, za vavu, za mwezi ndi mwezi. Za mphini unene kuti anakutema ndi munthu wina wa kwanu, mutu wake sukoka bwino. Ndikanatha kumulembera ine mwamunayo, koma mtima ndi wako, nkhani ichokere pakamwa pako. Ukabisa, uzidzapita bwanji kuchipatala mwezi uliwonse? Udzanama kuti ukupita kumsika, mwezi wachiwiri udzanamanso, wachitatu udzatopa ndi kunama n'kusiya kupita. Ndikudziwa mmene zimayendera. Ndipo ngati ndamuyeza molakwa, ngati ataona khadi adzati mphika wong'aluka sindiufuna, basi imene ikukutenga mawa ndi yomweyo imabwerera. Ndidzakudikira pa Sinda ndi njinga, ndidzakulowetsa m'mudzi ndikuliza belu. Kuli bwino mwana wobwezedwa kusiyana ndi telegalamu ya maliro.

Ndikudziwa chimene unaganiza pomanga luzi lija. Sunaganize za a Dolika okha. Unadziyang'ana pagalasi, wonenepa, wowala, zaka zinayi osagona pabedi la chipatala, n'kuti ndinachira, ndizunzikiranji. Ndikudziwa chifukwa mawu amenewo si iwe woyamba kuwanena pakhomo pano.

Ndaiwerenganso kalatayi kuyambira pamwamba, ndipo ndaima penapake. Za njovu uchotseko zingapo, zilibe kanthu. Malole sanandipemphe njira, izonso ukudziwa. Koma pali bodza limodzi limene dzanja langa lalemba lokha chifukwa pakamwa panalizolowera, ndipo limenelo sindingakulole uwoloke nalo Luangwa.

Sitima sinamire, Elesi. Mankhwala sanathe. Ine kuchipatala sindinafikeko n'komwe tsiku lija, ndinathera pamsika wa Katete. Nsawa zinabereka chaka chimenecho kuposa zaka zonse, manja anali ochepa, ndipo ulendo wa jekeseni unkadya masiku awiri, tsiku lopita ndi tsiku loti ine ndi iwe tiwongole msana. Anzanga pabwalo ankandiseka kuti Aphiri akwezanso mwana wonenepa kupita naye kwa azungu kukamuboola. Ndinakuyang'ana ukusenza dengu, ukuyimba, n'kunena mumtima kuti wachira uyu, mwezi umodzi sungaphe munthu. Ndinapeka sitima panjira, pakati pa Katete ndi Sinda, ndipo inakoma mpaka inu nonse munaseka za nsomba. Mwezi wachiwiri kunali kosavuta, wachitatu sindinaganizeko n'komwe. Utadwala, kwa dokotala ndinati njinga inathyoka, kwa amayi ako ndinati mankhwala afika tsopano. Mabodza awiri, uku ndi uku, ine pakati ndikukutsamiritsa pa thumba la chimanga. Pakhosi paja sindinkadziwa. Mphini sindinkadziwa. Dzanja lija sindinkadziwa. Koma apa ndinkadziwa, ndinali nditamva fuu ndi makutu anga. Chipsera chachiwiri chimene uli nacho mumtima ndinakupatsa ndine, posinthanitsa ndi nsawa.

Palibe amene akudziwa, ndiwe woyamba. Amayi ako mpaka lero amapempherera anthu a m'sitima ija. Ndiwauza mawa, fumbi la basi likangotsika, tili awiri panjira yobwerera. Ukadzamva kuti atate ako ali kwawo ku Mkaika ndi mphasa ndi njinga, usadabwe, ndiye kuti mlandu unaweruzidwa bwino. Ukhoza kundikwiyira zaka zimene ukufuna, ukhoza osayankha kalatayi. Koma kupusa kumeneku kunachitika kale kamodzi pa mtima umenewo, ndipo dokotala anati malo a kachitatu palibe. Tsiku lako lobayitsa ndi Lachiwiri la sabata ya mawa. Udzakhala utafika.

Ndine atate ako,
Yonamu Phiri